Bokosi la Pansi pa Tebulo ku Songani

  Lero tiyeni titsikire limodzi pa Songani, m'tsinde mwa phiri, pamsewu wa M3 wochokera ku Zomba kulowera ku Liwonde.

Mukatsika minibasi pa Songani dzuwa litapendeka, makutu ndiwo amayamba kulandira moni. Uku makondakitala akuitanira a ku Liwonde ndi ku Mangochi, uku mabelu a akabaza, uku amayi akutsatsa tomato ndi matemba. Koma pamwamba pa zonsezi pamamveka nyimbo yochokera m'sipika yaikulu imene aikhazika pakhomo pa kashopu. Lowani m'kashopumo. Mupezamo mnyamata ali pabenchi, maso ali tong'o pa sikirini, anthu atatu kapena anayi akudikira. Wina wagwira memori khadi, akufuna kubenetsa nyimbo. Wina ali ndi fulashi, akufuna mafilimu. Wina wabwera ndi kalata yofunsira ntchito yoti amutayipire. Tsono weramani, musuzumire pansi pa tebulo. Muona bokosi lachitsulo, lakuda kapena lotuwa, likung'ung'uza chapansipansi. Bokosi limenelo ndilo limalipira lendi ya shopu, ndilo limagula ufa ndi sopo, ndipo mwina ndilo limalipirira mlongo wa mnyamatayo fizi ya ku sekondale.

Nkhani yathu lero ndi ya bokosi limeneli, kompyuta ya patebulo, imene ambirife timangoitcha CPU.

Ndili ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amadyera m'kashopu kotere. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anandiimbira foni mawu akunjenjemera.

“Ankolo, kompyuta ija yafa.”

“Yafa bwanji, iwe?”

“Ndikaiyatsa ikungolira kuti pii, pii, pii, koma sikirini ili bii. Wina waiona, akuti yapsa, ndigule ina.”

Ndinapita m'mawa mwake. Tinazula pulagi kukhoma, tinanyamula bokosilo n'kuligoneka pamphasa pakhonde. Ndili pakati pomasula masikuluwu awiri a kumbuyo ndinamufunsa ngati anayamba waitsegulapo. Iye anati, “Ayi ankolo, ndimaopa kuiononga.” Zaka zitatu akudya nayo, koma m'mimba mwake anali asanamuonepo.

Titachotsa chivindikiro tinapeza fumbi litamatirira pa fani ngati thonje la m'matiresi. Pangodya panali mazira a mphemvu. Tinasesa ndi burashi yopentera yatsopano, youma bwino. Tinabwereka pampu kwa bambo wokonza njinga pafupi pomwepo, n'kuuzira m'mipata yonse, chala chili pa fani kuti isazungulire. Kenako tinazula kathabwa kakang'ono kaja kotchedwa RAM, tinapukuta mano ake agolide ndi labala wofufutira pensulo, n'kukabwezera m'malo mwake mpaka timaloko take tinalira kuti tha! Titaiyatsa, sikirini inawala. Mphwanga uja anakhala pansi, manja ali kumutu, osakhulupirira. Sitinagule kanthu tsiku limenelo, ngakhale sikuluwu imodzi.

Omvera, chimene ndabwera kudzanena ndi ichi: makompyuta ambiri amene timati afa sanafe. Akungodwala matenda odziwika, ndipo ambiri mwa matendawo mankhwala ake ali m'manja mwathu momwemu. Chimene chimatidyera ndalama ndi mantha otsegula bokosi.

Pa Songani palibe amene amaopa njinga. Tcheni chikaduka timalumikiza, sipoko ikathyoka timasintha, chubu chikaphulika timamata. Palibe amene amataya njinga yonse chifukwa cha pedulo. Kompyuta ya patebulo nayo anaipanga ndi mtima womwewo. Mu 1981 kampani ya IBM ku America itatulutsa kompyuta yake yoti munthu azikhala nayo patebulo, inaimanga ndi zipangizo zogula kwa makampani ena, ndipo inasindikiza poyera momwe zipangizozo zimalumikizirana. Makampani ena anayamba kupanga zofanana nazo. Mu 1995 kampani ya Intel inakhazikitsa muyeso wotchedwa ATX, wonena kukula kwa mabodi, pamene mabowo a masikuluwu ayenera kukhala, ndi momwe magetsi ayenera kulowera. N'chifukwa chake lero chipangizo chopangidwa ku Taiwan chimatha kugwirizana ndi chinzake cha ku Korea m'bokosi lochokera ku China. Foni yanu ya m'manja anaimata ndi guluu kuti musamaitsegule. Bokosi ili analimanga ndi masikuluwu kuti lizitsegulidwa.

Nanga mkatimo muli chiyani? Taganizani za pakhomo pamene mayi akuphika. Mayi wophikayo ndiye pulosesa, kachipangizo kamene kamagwira ntchito yonse yowerengera. Kamakhala pansi pa fani chifukwa kamatentha kwambiri. Nkhokwe imene mumasungamo chimanga cha chaka chonse ndiye hard disk: nyimbo, zithunzi, makalata ndi Windows yeniyeniyo zimagona mmenemo. Lichero limene mayi amaikamo zophika za tsikulo, pafupi ndi mafuwa, ndiye RAM. Lichero likachepa, mayi amakhalira kuthamangira kunkhokwe, ndipo nsima imachedwa ngakhale mayiyo ali wachangu. Madzulo lichero amalikutumula. Momwemonso magetsi akathima, zonse za mu RAM zimafufutika, n'chifukwa chake kalata imene simunaisevu imasowa. Bwalo limene zonsezi zakhazikikapo, ndi tinjira take, ndiye motherboard. Pomaliza pali wogawa moto, kabokosi kamene kali ndi fani yakeyake kumbuyo, kotchedwa power supply. Kameneka kamalandira magetsi a mavoti 230 ochokera kukhoma n'kuwatsitsa kukhala mavoti 12, 5 ndi 3.3, amene zipangizo zinazo zimadya. Mukadziwa zinthu zisanu zimenezi, mwadziwa kompyuta.

Tsono tinene za kugula. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja inakwera, ndipo kompyuta yatsopano inatalikira anthu ambiri. Ambirife timagula zogwirapo kale ntchito m'maofesi a kunja, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre, zimene zimapezeka m'mashopu a ku Limbe, ku Blantyre ndi m'tauni mwa Zomba. Palibe chamanyazi pamenepa. Makina amenewa anawapangira kugwira ntchito tsiku lonse, ndipo ndi olimba.

Koma musanatulutse ndalama, dzifunseni ntchito imene mukufuna kuti izigwira. Yotayipira makalata ndi kubena nyimbo siifuna mphamvu zofanana ndi yokonzera mavidiyo a ukwati ndi zinkhoswe. Ndipo wogulitsa akakuuzani kuti “iyi ndi i5,” musakhutire msanga. Dzina loti i5 lili ngati mfunda: agogo ndi mdzukulu onse ndi a Phiri, koma mphamvu zawo si zimodzi. Funsani nambala yonse. Pa makina amenewa, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo imanena m'badwo. i5-3470 ndi ya m'badwo wachitatu, ya mu 2012. i5-6500 ndi ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, ya mu 2015. i5-8500 ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, ya mu 2018. Auzeni aiyatse inu muli pomwepo. Onani nokha kukula kwa RAM ndi disiki pa sikirini, osati pa kapepala komata pabokosi. Lowetsani fulashi yanu m'mabowo onse a USB. Mverani ngati fani ikukhuluza. Pemphani kuti atsegule chivindikiro, muone ngati timigolo ting'onoting'ono ta pa motherboard tatupa pamwamba kapena tachucha. Tengani lisiti, ndipo mugwirizane masiku oti mungabweze ikavuta. Safunsa anadya phula.

Ena mwa inu mungafune kumanga yanu kuchokera pa zipangizo zogula pachokhapachokha: bodi uku, pulosesa uku, bokosi lakale la mnzanu uko. N'zotheka, ndipo n'zokoma. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti zipangizo zikhale zapachibale. Pulosesa iliyonse ili ndi mpando wake pa motherboard. Ya Intel siikhala pampando wa AMD, ndipo ngakhale za Intel zokhazokha zimasiyana mipando potengera m'badwo. RAM nayo ili ndi mitundu. DDR3 siilowa m'malo a DDR4, chifukwa kampata kamene kali pakati pa mano ake kali pamalo osiyana. Ikakana kulowa musaikakamize. Ikukuuzani kuti si kwawo. Dziwaninso kuti makina ambiri a m'maofesi aja ali ndi power supply ya mapulagi akeake, moti imene mungagule pashopu mwina siingagwirizane nawo. Popita kukagula, nyamulani yakufayo m'chikwama mukafanizire.

Pomanga, khalani patebulo loyera, powala bwino, pulagi ili yozula. Musanagwire chipangizo chilichonse, yambani mwakhudza chitsulo cha bokosi, kuti timagetsi tija timathetheka m'thupi ndi m'zovala nyengo youma tichoke. Timeneto timapha zipangizo mwakachetechete. Gwirani mabodi m'mbali ngati mmene mumagwirira chithunzi. Pulosesa ili ndi kachizindikiro ka ngodya zitatu pakona imodzi. Kalunjikitseni ndi kanzake ka pampando, ndipo idzakhala yokha popanda kudinikiza. Pamwamba pake donthezani mafuta aja otuwa otchedwa thermal paste, kadontho kofanana ndi njere ya nandolo basi, kenako khazikani chitsulo choziziritsira ndi fani yake. Musaike mankhwala otsukira mano kapena girizi wa njinga m'malo mwake. Motherboard isagone pachitsulo cha bokosi mwachindunji. Ikhale pa timiyendo take tamkuwa. Lumikizani pulagi yaikulu ya mano 24, ndi inzake yaing'ono ya pulosesa, imene ambiri amaiiwala n'kumadabwa kuti sikirini siikuwala. Yatsani koyamba musanatseke chivindikiro, muone ngati mafani onse akuzungulira.

Pali kanthu kenanso kamene ndikupemphani musakaiwale. Makompyuta ena akale, makamaka ochokera ku America, ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kwa power supply, kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali inayo. Kuno kwathu kayenera kuonetsa 230 nthawi zonse. Kakakhala pa 115 inu n'kulumikiza kukhoma, mudzamva kuti phu, utsi tolo, power supply yapita. Kayang'aneni musanayatse koyamba, ndipo ana asamakaseweretse.

Tibwere kwa inu amene muli nayo kale, koma ikuyenda ngati kamba. Mukaiyatsa mumatha kukatereka madzi a tiyi, kubwerako isanamalize kudzuka. Musathamangire kugula ina. Nthawi zambiri wolakwa si pulosesa koma nkhokwe. Hard disk yakale ili ndi mbale zozungulira mkati, zimene zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kankono kamene kamayendayenda kufunafuna fayilo. Masiku ano kuli nkhokwe ina yotchedwa SSD, yopanda chozungulira chilichonse, yosunga zinthu ngati mmene imasungira memori khadi. SSD wamba imalowa pa mawaya omwewo a hard disk yakale, ndipo imawerenga pafupifupi mamegabaiti 500 pa sekondi, kuposa yakaleyo katatu kapena kanayi. Pofunafuna timafayilo ting'onoting'ono ndiye imaisiya kutali zedi. Ya magigabaiti 256 imakwana Windows ndi mapulogalamu anu. Hard disk yakaleyo musaitaye: isiyeni momwemo ikhale yosungira nyimbo ndi mafilimu.

Chachiwiri, kulitsani lichero. Ngati RAM yanu ndi ya magigabaiti 4, ifikitseni pa 8, ndipo mudzaona kusintha mukatsegula mapulogalamu angapo nthawi imodzi. Koma onetsetsani kuti Windows yanu ndi ya 64-bit, chifukwa ya 32-bit siitha kugwiritsa ntchito RAM yopitirira magigabaiti 4, ngakhale mutaikamo yochuluka bwanji. Yambani ndi SSD, mwezi wina RAM, mwezi winanso sikirini yabwinopo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Palinso nkhani ya Windows. Kampani ya Microsoft inaika tsiku la 14 Okutobala 2025 kukhala lomaliza kupereka chithandizo cha nthawi zonse ku Windows 10. Windows 11 nayo, mwalamulo lake, imafuna, pa makina a Intel, pulosesa yoyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ndiye kuti makina ambiri amene ali m'mashopu ndi m'nyumba zathu atsalira kunja kwa mpanda. Izi sizikutanthauza kuti asiya kuyaka. Akugwirabe ntchito, koma pa intaneti ali ngati nyumba imene mlonda wake wapuma ntchito. Njira ina ilipo. Kuli pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta yotchedwa Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba ku Finland mu 1991. Mtundu wake wina wotchuka anauyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo anautcha Ubuntu, mawu amene kwathu kuno timati umunthu. Ubuntu ndi m'bale wake Linux Mint zimayenda bwino pa makina ambiri akale, zili ndi potayipira makalata, posewerera nyimbo ndi polowera pa intaneti, ndipo mukhoza kuziyesa kuchokera pa fulashi musanafufute kanthu. Yesani kaye ngati pulinta yanu ndi mapulogalamu amene mumadyera akugwirizana nazo, kenako musankhe.

Kupatsa makina akale moyo wachiwiri si zachilendo m'dziko muno. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero timachitcha Kamuzu Central, bungwe la Baobab Health, limene mmodzi wa oliyambitsa anali Gerry Douglas, linayamba kulembera odwala pa timakompyuta tongodina pagalasi. Ena mwa makina oyambirirawo anali otchedwa i-Opener, amene ku America malonda ake anali atalephera. Anawagula motchipa, anawatsegula, anawasintha, ndipo anatumikira odwala a ku Malawi. Anthu amenewo sanaope sikuludiraiva.

Tsopano tinene za adani a bokosili kuno kwathu. Woyamba ndi magetsi osakhazikika. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130. Magetsi akathima mwadzidzidzi kompyuta ili pakati polemba pa disiki, mafayilo amaonongeka. Akamabwera, nthawi zina amabwera ndi ukali. Choncho akathima zulani pulagi, ndipo akayaka dikirani mphindi zingapo akhazikike. Ngati thumba likulola, gulani UPS, kabokosi ka batire kamene kamakupatsani mphindi zochepa zoti musevu ntchito ndi kuzimitsa bwino. Si jenereta ayi, ndipo batire lake limafuna kusintha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Inu a sola, dziwani kuti bokosi lalikulu lakale limadya moto kuposa laputopu. Timakompyuta tija ting'onoting'ono tofanana ndi buku, monga ThinkCentre Tiny, timene tambiri timayendera adaputa ya mawati 65, ndito timagwirizana ndi batire ndi inveta.

Ndipo chonde, abale anga, tileke kulowetsa mawaya osenda m'soketi n'kutsekera ndi mitengo ya machesi. Dzino lachitatu la pulagi, lalitali lija, si lokongoletsera; ndilo limathawitsira pansi magetsi osochera. Mukagwira bokosi n'kumva kunyerenyetsa m'zala, itanani katswiri wa magetsi wovomerezeka adzaone mawaya a nyumbayo, munthu asanavulale.

Mdani wachiwiri ndi mphenzi. Inu okhala m'tsinde mwa phiri la Zomba mukudziwa mmene mitambo imasonkhanirana pamwamba pake kuyambira Novembala, ndi mmene ziphaliwali zimang'animira. Ekisitenshoni yoteteza ku magetsi okwera imathandiza pa zing'onozing'ono, koma mphenzi ikagwa pafupi siiona zimenezo. Mukamva kugunda, zimitsani, zulani pulagi kukhoma, zulaninso waya wa intaneti ngati ulipo.

Wachitatu ndi fumbi ndi tizilombo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la pamsewu limalowa paliponse, ndipo fani imalikokera mkati. Likatseka mipata, pulosesa imatentha n'kudzizimitsa yokha podziteteza. Chotsani bokosi pansi, likhale pamwamba, kumbuyo kwake kukhale mpata wopumira. Musaliphimbe ndi nsalu likamagwira ntchito, liphimbeni mukazimitsa. Liseseni mkati ndi burashi youma miyezi itatu iliyonse. Musamadyere mandasi pa kiyibodi, chifukwa nyenyeswa zimaitana nyerere ndi mphemvu, ndipo nalimata akatsatira zimenezo n'kulowa mu power supply, zonse zimathera pomwepo.

Wachinayi ndi mavairasi oyenda pa mafulashi. Shopu yobena nyimbo ili ngati chitsime cha mudzi: aliyense amaviikamo chidebe chake. Kuli vairasi ina yofala imene imasandutsa mafoda onse a pa fulashi kukhala tizithunzi ta kamuvi. Musadine timeneto, ndipo musafomate msanga. Kawirikawiri mafayilo anu amakhala alipo, angobisidwa. Tsukani fulashiyo ndi pulogalamu yophera mavairasi, kenako uzani kompyuta ionetse mafayilo obisika. Gulani bandulo kamodzikamodzi kuti pulogalamuyo izilandira mankhwala atsopano. Pamenepa ndikumbutsenso anzanga obena nyimbo kuti nyimbozo ndi thukuta la oimba. Kalembetseni ku COSOMA, mugwire ntchito ndi mtima wokhazikika.

Nanga ikadwala, tiyambire pati? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi chapafupi ndi chotchipa, ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuti mudziwe chimene chachiza.

Ngati siikuyaka n'komwe, fani ili zii, yesani soketiyo ndi wailesi kapena tchaja. Sinthani waya wa magetsi, chifukwa fyuzi ya m'pulagi imatha kupsa. Onani switchi ya kumbuyo. Zonsezi zikakhala bwino, ndiye muganizire power supply. Bwerekani ya mnzanu muyese musanagule.

Ngati mafani akuzungulira koma sikirini ili bii, onani waya wa sikirini, uja wa mutu wabuluu kapena wa HDMI, ngati walowa bwino mbali zonse. Yesani sikirini ina, ngakhale TV. Ikamalira kuti pii, pii, werengani kuti ikulira kangati, chifukwa kulirako ndi chinenero, ndipo kampani iliyonse inalemba tanthauzo lake. Kawirikawiri ndi RAM: zulani, pukutani, bwezerani. Ngati timathabwa tili tiwiri, yesani kamodzikamodzi.

Ngati ikuzima yokha itagwira ntchito kwakanthawi, makamaka masana a Okutobala, ndiko kutentha: fumbi, fani yakufa, kapena mafuta a pa pulosesa auma. Ngati m'mawa uliwonse ikuiwala tsiku ndi nthawi, n'kumakana kutsegula masamba a pa intaneti, vuto ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamene kali pa motherboard, kotchedwa CR2032, ka mavoti 3. N'kotchipa, ndipo kamapezeka kwa ogulitsa mabatire a mawotchi. Koma mukamva hard disk ikulira kuti kha, kha, kha, kompyuta n'kumahang'a, siyani zonse, koperani mafayilo anu ofunika tsiku lomwelo. Imeneyo ikutsanzika.

Apa ndilankhule ndi anzanga okonza makompyuta. Tilipo ena amene matenda alionse mankhwala ake ndi kufomata. Ndinaonapo mayi wina akugwetsa misozi chifukwa zithunzi za malemu amuna awo zinapita ndi kufomata, pamene vuto linali waya wa disiki womasuka. Musanafufute kanthu, funsani mwiniwake chimene chili mkatimo, ndipo koperani kaye. Mukasintha chipangizo, m'bwezereni chakalecho m'manja. Nanunso eni makompyuta, phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Chilichonse chimene mungalire chitatayika, kaya ndi zithunzi, satifiketi, kaundula wa ngongole kapena ntchito ya kusukulu, chikhale m'malo awiri, ndipo malo achiwiriwo asakhale m'bokosi lomwelo.

Ndakulimbikitsani kutsegula bokosi, koma pali zitseko ziwiri zimene simuyenera kutsegula. Musatsegule power supply, ndipo musatsegule sikirini zakale zija za chimsana chachikulu. Zimenezi zimasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi. Zikafa, sinthani zathunthu. Ndipo zipangizo zakufa musaziotche pofuna kopa, kapena kuzitaya m'mtsinje wa Domasi; zili ndi mtovu ndi ziphe zina zimene zimalowa m'nthaka ndi m'madzi, madzi omwewo amene amathirira mpunga kunsi kuja.

Omvera, dera lino si lachilendo ku maphunziro. Pa Domasi pomwepa pali koleji yophunzitsa aphunzitsi a sekondale, palinso Malawi Institute of Education, kumene amakonza zimene ana athu amaphunzira. M'tauni mwa Zomba muli University of Malawi, imene tinaizolowera kuti Chancellor College, ndi likulu la MANEB, imene imalembetsa mayeso a Computer Studies pa MSCE. Koma mwana angathe kuloweza kuti RAM n'chiyani, n'kukhoza mayeso, asanaigwirepo ndi dzanja. Aphunzitsi, ngati m'sitolo ya sukulu muli makompyuta akufa amene angounjikidwa, atulutseni, ana awamasule ndi kuwamanganso. Pa atatu akufa pamatha kutuluka imodzi yamoyo. Makolo, sikuludiraiva musapatse anyamata okha. Ntchito imeneyi siifuna minofu. Imafuna maso, kudekha ndi manja osamala, ndipo atsikana athu ali nazo zonsezi.

Mphwanga uja lero saimbanso foni kompyuta ikalira. Anaikamo SSD, anaikweza pa shelefu, ndipo Loweruka loyamba la mwezi amaitulutsa pakhonde n'kuisesa. Tsiku lina nditadutsa pashopu pake ndinapeza mlongo wake wa Fomu 2 atagwada pamphasa, bokosi la mphunzitsi wina lili chitsegulire patsogolo pake, kathabwa ka RAM kali m'manja, akukapenda ndi kuwala kwa dzuwa. Ndinamufunsa chimene akuyang'ana. Osadzutsa mutu anati, “Ankolo, aka ndi ka DDR3. Awagulitsa kolakwika.” Ndalama imene ikanakwera minibasi kupita ku Limbe inatsala pa Songani tsiku limenelo.

Ndiye Loweruka likubwerali, inu amene muli ndi bokosi pansi pa tebulo, zimitsani, zulani pulagi, masulani masikuluwu awiri aja. Ngakhale musakhudze kanthu, ingoyang'anani. Pezani wophika, pezani lichero, pezani nkhokwe, pezani wogawa moto. Itanani mwana aime pambali panu, muzitchula limodzi mayina ake.